Mvula yatha, tchire layamba kuuma: ndingaphunzitse chiyani ana anga panja?

Funso: Ndimakhala ku Chimwankhunda, mu mzinda wa Blantyre, m'nyumba ya lendi. Ndili ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 9 ndi mnyamata wa zaka 5. Loweruka ndi Lamulungu amangokhalira foni yanga ndi TV. Pa Facebook ndimaona azimayi a kunja akutola masamba ofiira ndi ana awo pa nyengo imene mitengo yawo imayoyola masamba, ndipo ndimasirira. Kodi kwathu kuno, mu Epulo ndi Meyi muno, pali zimene tingachite panja zoti ana aphunzirepo za chilengedwe? Galimoto ndilibe, ndalama n'zochepa, komanso ineyo sayansi sindinkaikhoza kusukulu.

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Ndayenda zaka zambiri ndi ana a sukulu m'tchire ndi m'mapiri a mzinda uno kudzera m'makalabu a zachilengedwe, ndipo nkhawa yanu yomalizayo, yoti sayansi inkakuvutani, ndaimva kwa makolo ambiri. Ndifikako. Poyamba tikambe za masamba ofiira aja.

Ku Ulaya ndi ku America masamba amafiira kuyambira Sepitembala mpaka Novembala. Masiku akamafupika ndipo kuzizira kukayandikira, mtengo umasamutsa chakudya m'masamba n'kuchisunga m'thunthu ndi m'mizu, kubiriwira kumatha, masamba n'kusanduka achikasu ndi ofiira asanagwe. Mitengo ya kumeneko imakonzekera chisanu choundanitsa madzi. Yathu kuno imakonzekera miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri yopanda mvula yeniyeni. Masamba ofiira tili nawo, koma amabwera kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala, ndipo amakhala ongophuka kumene pa mitengo ya mombo ndi inzake ya m'nkhalango zachilengedwe. Zimenezo sungani, mudzapite kukaziona nthawi yake ikadzafika.

Nyengo imene tili ino dzina lake tili nalo kale, ndi masika. Chimanga chauma m'munda, deliya wachita maluwa achikasu m'mbali mwa misewu, tsekera watalika n'kuyamba kufiirira, m'mawa kukugwa mame ambiri. Madzi akuchoka m'dziko pang'onopang'ono, ndipo udzu, mtengo, nkhono, mbalame ngakhale munthu, aliyense ali kalikiliki kukonzekera. Choncho funso limodzi likukwanirani nyengo yonseyi. Pa chilichonse chimene ana aona, afunseni kuti, "Kodi ichi chikukonzekera bwanji miyezi yopanda mvula?" Mwana wa zaka 5 ayankha mwa njira yake, wa zaka 9 mwa njira yake, ndipo onse aphunzirapo.

Sankhani malo amodzi oyandikira, oti mufikeko wapansi osapitirira mphindi 15. Akhoza kukhala m'mphepete mwa bwalo la mpira pamene udzu sunatchetchedwe, kamunda ka kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mkuyu, kapena malo ouma bwino oyang'anizana ndi damu la Chimwankhunda. Muzipita pamalo omwewo sabata iliyonse mpaka Juni. Apa ndiye pagona nkhani yonse, chifukwa phunziro la masika ndi kusintha, ndipo kusintha sikuoneka ngati malo mwawaona kamodzi kokha. Gulani kope limodzi ndi pensulo. Wamkuluyo azilemba deti, nthawi, mmene kunja kwachera ndi zinthu zitatu zimene zasintha. Wamng'onoyo azijambula kapena kumata zimene watola. Phala lopyapyala la ufa wa chinangwa limamata bwino ngati guluu palibe. Foni isiyeni m'chikwama, muitulutse pomaliza kuti mujambule chithunzi chimodzi mutaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Pakatha masabata 8 zithunzi zimenezo zidzawadabwitsa.

Ndikuumirira pa malo amodzi chifukwa ndinalakwitsapo. M'zaka zanga zoyamba ndinkatenga ana n'kukwera nawo phiri lonse, njira yonse ndikuwatchulira mayina a mitengo. Ankabwerako otopa, ndipo ndikawafunsa Lolemba ankakumbukira za njala ndi matuza a kumapazi. Zinandipweteka mtima chifukwa ndinkafunitsitsa kuti akonde tchire. Nditayamba kuwakhazika pansi pa mtengo umodzi kwa theka la ola n'kuwasiya kuti afufuze okha, mafunso anayamba kuchokera kwa iwo.

Loweruka loyamba yambani ndi njere, pakuti masika ndi nyengo yake. Mwana aliyense avale sokosi yakutha pamwamba pa nsapato, ayende m'mphepete mwa kanjira momwe muli udzu waufupi. Mukabwerera kunyumba vulani masokosiwo pa nyuzipepala kapena m'lichero. Mupeza njere zambirimbiri zitamatirira. Azisankhe m'magulu, zaminga pazokha, zaubweya pazokha, zosalala pazokha, ndipo aziwerenge. Kenaka dzazani dothi m'botolo lodula pakati, mufese zina mwa njerezo, muzithirira. Zina zimera pasanathe masabata awiri, zina sizimera ngakhale muthirire chotani. Musataye mtima nazo. Njere zambiri za m'tchire zimagona dala mpaka mvula yoyamba, chifukwa zikanamera lero zikanafa ndi dzuwa la mu Okutobala. Udzu wambiri umauma n'kufa, koma umakhala utasiya ana ake ali mtulo m'dothi.

Chisoso ndiye mphunzitsi wabwino kwambiri pa njere zonsezi. Mwana atenge kanjere kamodzi kakuda kaja, akayang'anitsitse pa chala. Kunsonga kwake kuli timinga tiwiri, titatu kapena tinayi, ndipo pa kaminga kalikonse pali tina tating'onoting'ono toloza kumbuyo ngati mbedza. Muuzeni akakokere pa juzi uku ndi uku kuti amve mbali imene kamakana. Chomera sichiyenda, ndiye chisoso chimakwera pa galu, pa mbuzi ndi pa chitenje chanu kuti ana ake akamere kutali. Mu 1941 munthu wina wa ku Switzerland, George de Mestral, anayang'anitsitsa njere zokakamira zimene zinamatirira pa ubweya wa galu wake, ndipo m'menemo ndi momwe munachokera Velcro, zomatira nsapato za ana zija. Muwakumbutsenso kuti chisoso chomwechi chikakhala chanthete ndi ndiwo.

Palinso udzu wina wa njere zosongoka ngati mkondo zimene zimabaya m'malaya, zokhala ndi mchira wautali wopotana. Ikani njere imodzi pa chikhatho, munyowetse mchirawo ndi dontho la madzi, mudikire pang'ono. Uyamba kuzungulira wokha ngati chamoyo. Kuzungulira kumeneko ndi kumene kumabowolera njere m'dothi kukagwa mame kapena mvula. Sindinaonepo mwana amene sanakuwe ataona zimenezi. Mukadzafika kumene kuli mitengo yachilengedwe, funafunani zipatso za mlombwa, zozungulira ngati kambale kopepuka kokhala ndi minga pakati, zimene zimauluka ndi mphepo. Msambamfumu uli ndi makoko olimba, m'kati muli njere zakuda zovala kachipewa kofiirira kamene kamakopa mbalame kuti zizinyamule. Lamulo likhale limodzi kuyambira tsiku loyamba, njere ya m'tchire siilowa m'kamwa. Nsatsi zimamera paliponse m'makwalala athu, njere zake n'zokongola, koma zili ndi poizoni woopsa.

Sabata ina yesani ichi. Tengani pepala la pulasitiki loonekera m'kati, ngati la shuga lija, mulowetsemo kanthambi ka mgwafa kapena ka mango kali pamtengo pomwepo, mumange kukamwa kwake ndi ulusi. Chitani zimenezi m'mawa dzuwa likuwala. Pofika masana m'pepalamo mudzakhala madontho, ndipo madzulo madzi adzakhala atasonkhana pakona. Afunseni kuti madziwa achokera kuti. Alekeni akangane kaye. Tsamba lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, makamaka kunsi kwake, ndipo madzi amene mizu yakoka m'nthaka amatulukira m'menemo. Mwana akaona ndi maso ake kuti tsamba limataya madzi, amvetsa yekha chifukwa chake mitengo yambiri imayoyola masamba m'chilimwe. Muchotse pepalalo tsiku lomwelo kuti nthambi isapse.

Apa ndi pamene ana amayamba kuona kuti mtengo uliwonse uli ndi nzeru zake. Mlambe umavula masamba msanga mvula ikangotha n'kudalira madzi amene wasunga m'thunthu, ndipo malambe ake ndi amene ayamba kupezeka pamsika panopa. Mukadzakwera basi yodzera ku Zalewa, awerengetseni milambe msewu ukamatsikira ku Shire, muwafunse chifukwa chake ku Limbe kulibe yambiri chotero. Msangu, umene umakonda madera otsika omwewo, umachita zosemphana ndi inzake. Umayoyola masamba m'dzinja n'kubiriwira m'chilimwe, n'chifukwa chake alimi amausiya m'munda, chimanga chimakula pansi pake osasowa dzuwa. Nandolo m'minda ya m'mbali mwa mapiri athu amakhalabe wobiriwira chimanga chitauma chifukwa muzu wake umapita pansi kwambiri.

Ngati pali wachibale kapena mnansi amene akukumba mtedza, mupempheni kuti ana akathandize kwa ola limodzi. Azule phata limodzi mosamala, atsuke mizu m'beseni. Pa mizuyo aona timibulu tating'ono. Mukang'amba kamodzi ndi chikhadabo n'kupeza kali kofiirira m'kati, ndiye kuti kakugwirabe ntchito. Mmenemo mumakhala mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, amene amatenga nayitirojeni mu mpweya n'kupatsa chomera, chakudya chomwecho chimene timagula m'thumba la feteleza wa Urea. Nyemba, soya ndi nandolo nazonso zili nato timibuluti, ndipo n'chifukwa chake alangizi amati tizichita kasinthasintha wa mbewu. Mukabwerako futsani mfutso limodzi ndi anawo, wa nkhwani kapena wa khwanya. Ayeze masambawo ndi kapu asanawafutse, adzayezenso atauma. Agogo awo akakhala pafupi awasonyeze kamangidwe ka chikwatu. Anawo aone kuti munthu nayenso ali m'gulu la zokonzekera chilimwe, pamodzi ndi mlambe ndi chisoso.

Tizilombo ta m'dzinja tapita kuti? Funso limeneli limawasangalatsa ana aang'ono. Abongololo amene anali ponseponse mu Januwale asowa, nkhono nazonso sizikuoneka. Vundukulani ndi kamtengo masamba owola a pansi pa nthochi kapena kuseri kwa bafa, mupeza nkhono itadzitsekera m'chigoba, pakhomo pake itamata kachikopa kouma kuti madzi a m'thupi asathe. Ikani imodzi pa mbale yakale pamthunzi, muiwaze timadzi, mukhale pansi. Zitenga nthawi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana wanu wa zaka 5 adzaumva mwambi umenewu ndi thupi lake lonse akadzaona tinyanga tija tikutuluka, maso ali kunsonga kwa tiwiri tatitalito. Chitani kamodzi kokha, muibwezere pomwe munaipeza, ndipo nonse musambe m'manja ndi sopo.

M'fumbi louma la m'mbali mwa khonde, pamene mvula siifika, yang'anani timaenje tosalala tooneka ngati fanulo. Pansi pa kadzenje kalikonse pabisala kachilombo ka nsagwada zazitali kodikira nyerere. Ndimakumbukira kamtsikana kena ka Sitandade 3, kosalankhulalankhula m'kalasi, kamene kanagona chafufumimba pafupi ndi kadzenje kotere. Nyerere inatsetserekeramo. Itayesa kukwera, mchenga unayamba kuponyedwa kuchokera pansi, nyerere ija n'kugweranso. Mwana uja anadzuka fumbi lili mbuu kumaso, n'kutifotokozera tonse mwatsatanetsatane zimene anaona, mawu osadodoma. Kenaka anafunsa ngati kachilomboko kamakhala m'dzenjemo moyo wake wonse. Yankho lake n'loti ayi, kamadzasanduka kouluka ka mapiko anayi aatali, ndipo kamabwera pa getsi usiku.

Pa mbalame, nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa likangotuluka. Musavutike ndi mayina ambiri. Yambani ndi zisanu zimene mukuzidziwa kale, monga pumbwa, njiwa, khwangwala, kakowa ndi mpheta. Ana atseke maso kwa mphindi ziwiri, aziwerenga ndi zala kulira kosiyanasiyana kumene akumva. Pafupi ndi madzi mupeza zisa za atchete zili lende pa bango kapena pa nthambi, zambiri zopanda eni chifukwa nyengo yoswa yatha, ndipo amuna amene anali achikasu chowala m'dzinja ayamba kufwifwa. Chisa chikagwa chokha pansi, chitoleni, ana ayese kuluka chonga chomwecho ndi udzu. Adzalephera, ndipo mbalameyo adzayamba kuipatsa ulemu. Anamzeze ambiri amene ankadzaza mawaya a magetsi anyamuka mu Malichi ndi Epulo kupita ku Ulaya ndi ku Asia kukaswa. Kambalame kolemera pafupifupi magalamu 20 kamauluka makilomita oposa 7,000, n'kudzabweranso chakumapeto kwa chaka. Wamkuluyo alembe m'kope kuti adzayang'anire tsiku limene adzawaonenso ambiri pa waya. Za legeni ndinenepo maganizo anga. Mnyamata amene ali ndi legeni nthawi zambiri ndi amene amadziwa mbalame kuposa anzake onse. Kumukalipira sikuthandiza. Mpatseni udindo wotsogolera kuwerenga mbalame ndi kusonyeza anzake pamene zimagona.

Abwanoni akabwera pa magetsi usiku, gwirani mmodzi ana amuwerenge miyendo ndi mapiko asanalowe m'chiwaya. Miyendo ndi 6, pamene ya kangaude ndi 8, ndipo kusiyana kumeneko kukuwakwanira pa tsiku limenelo. Mukakumana ndi bilimankhwe, chonde musathawe kapena kumugenda ana akuona. Alibe poizoni. Imani chapatali muone mmene diso lililonse likuyendera palokha. Mantha ambiri amene ana athu ali nawo pa bilimankhwe ndi kadzidzi amawatengera kwa ife, pamene kadzidzi ndi amene amatichepetsera makoswe.

Kwa mtsikana wa zaka 9 uja pali ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa muli masamu enieni. Zikani ndodo yowongoka pabwalo, yotalika mita imodzi kuchokera pansi. Tsiku limodzi pa sabata ayeze chithunzithunzi chake pamene chafupika kwambiri. Ku Blantyre kuno nthawi imeneyo m'miyezi ino ndi cha m'ma 11:40 m'mawa, isanakwane 12 koloko, chifukwa tili chakum'mawa kwa mzere umene nthawi ya dziko lathu imawerengedwera. Pakati pa Epulo apeza pafupifupi masentimita 48, kumayambiriro kwa Meyi pafupifupi 60, ndipo pofika pa 21 Juni chidzapitirira pang'ono 80, kenaka n'kuyamba kufupikanso. Chithunzithunzicho chiziloza kumwera, kusonyeza kuti dzuwa likudutsa chakumpoto kwathu. Dzuwa likamadutsa chapansi chotero, mphamvu yake imamwazikana pa malo aakulu, masana amafupikanso, ndiye kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumeneko. Ndodoyo mukaisunga mpaka kumayambiriro kwa Novembala, adzaona tsiku limene chithunzithunzi chidzatsala pang'ono kusoweratu masana, dzuwa lili paliwombo penipeni.

Magetsi akazima madzulo, yalani mphasa panja. Thambo la masika limakhala loyera chifukwa mitambo yachepa ndipo utsi wa moto wa tchire sunayambe. Mu Epulo, kukangoda, chakumadzulo kumaoneka nyenyezi zitatu zondondozana zimene makolo ankazitcha Akamwiniatsatana. Sabata iliyonse zizilowa msanga, ndipo pofika kumapeto kwa Meyi simudzazionanso madzulo. Mukatembenukira kumwera muona nyenyezi zinayi zopanga mtanda, ndi zina ziwiri zowala zoziloza. Anthu a ku Ulaya amene mumawaona pa Facebook aja mtanda umenewu sauona kwawo. Mlalang'amba umaoneka bwino mwezi ukakhala kuti sunatuluke. Avekeni majuzi ndi zofika m'mapazi, udzudzu sunathe.

Chiperoni akayamba chakumapeto kwa Meyi, musawatsekere m'nyumba tsiku lonse. Imani nawo pakhonde muone mtambo ukumeza nsonga ya Soche. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mphepoyi imachokera. Ndi mpweya wachinyezi wa kunyanja yamchere ya India umene umazizira pokwera mapiri athu n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Ana aike kapu panja aone madzi ochepa amene agwemo, ayerekeze ndi mvula ya mu Januwale. Tsiku lotero ndi labwinonso kupita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri.

Pokhala ku Chimwankhunda, phiri la Soche mumaliona tsiku lililonse, ndipo zipsera za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 zikuonekabe. Anthu ambiri anataya miyoyo ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo pamene matope ndi miyala zinatsika. Mwina ana anu anafunsapo, mwina ali ndi anzawo amene anaferedwa. Nkhani imeneyi imafuna kuigwira mofatsa, osawaopseza. Mvula ija inali yoopsa moti ikanawononga ndithu, koma phiri lopanda mitengo limagumuka msanga kuposa lovala. Kuti amvetse, dulani mabotolo awiri aakulu m'litali ngati bwato. M'limodzi ikani dothi lokhalokha, m'linalo ikani chibuma chokhala ndi udzu ndi mizu yake. Apendekeni mofanana, muthire madzi ofanana, mutchere makapu kukamwa kwa mabotolo. Kapu imodzi idzadzaza msanga ndi matope, inayo idzalandira madzi ochepa, oyererapo, otuluka pang'onopang'ono. Musawonjezere ulaliki. Akafuna kuchitapo kanthu, auzeni kuti ino si nthawi yodzala, poti nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Panopa atole njere n'kuzisunga pouma m'envulopu, adzafese m'machubu cha mu Sepitembala, mbande zidzakhale zokonzeka mvula ikadzakhazikika. Pokhala pa lendi, kambiranani ndi eni nyumba, kapena mukadzale kusukulu kapena kutchalitchi.

Ulendo umodzi wautali ndi wokwanira pa nyengo yonseyi, ndipo tchuthi cha pa 1 Meyi kapena cha pa 14 Meyi chingakuthandizeni. Ine ndingasankhe Michiru, malo otetezedwa amene ali pansi pa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Nkhalango yake yavulala kwambiri ndi ootcha makala m'zaka zapitazi, ndipo zimenezo anawo adzaziona ndi maso, koma mitengo ina yachilengedwe ndi mbalame zikadalipo. Funsani kaye ku ofesi ya pamalopo za mtengo wolowera ndi mmene chitetezo chilili, mutenge wokutsogolerani, ndipo mupite ndi banja lina kapena awiri kuti musonkherane ya mayendedwe. Ndi mwana wa zaka 5 musalimbane ndi kufika pansonga. Njira yaifupi ya m'munsi ndi yokwanira. Funsaninso kusukulu kwa mtsikanayo ngati kuli kalabu ya zachilengedwe. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likugwira ntchito ndi makalabu oterewa m'sukulu zambiri.

Tchire la masika lili ndi zoopsa zake, ndipo sindikufuna kuti mukaphunzire mopweteka. Choyamba ndi chitedze. Chimayanga pa udzu ndi pa zitsamba, makoko ake ndi opindika, okutidwa ndi ubweya wofiirira wooneka wofewa, ndipo mwana amafuna kuugwira. Muwasonyeze chapatali tsiku loyamba lomwe. Chikamugwera, asakande. Muvuleni malaya, muchotse ubweyawo pomata ndi kumatula selotepi, kenaka asambe ndi sopo. Utomoni wa nkhadze usayandikire m'maso. Njoka monga mphiri zimakonda kuothera dzuwa m'tinjira kukayamba kuzizira, ndipo mphiri siithawa msanga. Wamkulu azitsogola ndi ndodo, ana avale nsapato zotseka, asapise dzanja m'dzenje kapena pansi pa mwala. Wina akalumidwa, musacheke pabalapo, musayamwe, musamange mwamphamvu. Mwanayo asayende, munyamuleni n'kuthamangira naye kuchipatala. Madzi a m'damu ndi m'mitsinje ya m'tauni, monga Mudi ndi Naperi, ndi oti muziwaona muli pamtunda kapena pa mlatho. Ndi akuda ndi zonyansa, ndipo madzi odikha amatha kukhala ndi nkhono zofalitsa likodzo. Pamalo amodzi sankhani mwala woonekera bwino, ana aziona sabata ndi sabata mmene madzi akutsikira pa mwalawo. Machesi asapite nawo kutchire, ngakhale anzawo akawakopa zokasaka mbewa.

Tsopano za sayansi imene mukuti inkakuvutani. Pa zonse ndatchulazi palibe chofuna satifiketi. Mwana akafunsa chimene simukuchidziwa, muuzeni kuti, "Sindikudziwa, tiye tichilembe." Tsamba lomaliza la kope likhale la mafunso osayankhidwa. Ena mudzawayankha pobwerera pamalo paja sabata yotsatira, ena adzayankha aphunzitsi, ndipo ambiri adzayankha agogo. Muziwaimbira foni dala, mwana afotokoze yekha tsamba kapena kachilombo kamene wapeza, agogo atchule dzina ndi ntchito yake. Akatchula m'Chilomwe, m'Chiyao kapena m'Chisena, lembani momwemo pambali pa la Chichewa. Ndakumana ndi ana ambiri a mu mzinda uno amene amadziwa nyama za pa TV za kumayiko akutali koma sangasiyanitse mbawa ndi bulugamu, ndipo zimandidetsa nkhawa kwambiri. Amayi ogulitsa masamba pamsika ndi abambo osema mipini nawonso amadziwa zambiri, ndipo amakondwa mwana akawafunsa mwaulemu.

Musayese kuchita zonsezi. Wamng'onoyo akatopa pakatha mphindi 20, bwererani, ndipo tsiku lina akangofuna kuponya miyala kapena kuthamangitsa ziwala, mulekeni. Loweruka likubwerali dzukani cha m'ma 6:30 mame asanaume, nthawi imene maukonde a akangaude amaoneka bwino pa udzu. Tengani masokosi akutha awiri, kope, pensulo, botolo la madzi akumwa ndi mbatata yophika. Ndodo ya mita imodzi ija muizike mukabwerako, kuti muyeso woyamba ulembedwe tsiku lomwelo isanakwane 12 koloko.